Mono wa M'mimba mwa Sebastiano

Sebastiano anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni mu 1974 ali ndi kachitsulo mumtsempha waukulu wa m'mimba. Madokotala akumeneko anakaikamo kuti kazikola magazi oundana asanafike m'mapapo. Kwawo ku Makhanga konse panalibe amene sanamve za kachitsuloko, poti mwiniwake ankakatama kuposa njinga yake.

Patatha zaka zinayi miyendo yonse inatupa ngati mitondo. Mkazi wake Agnesi, mwana wa msodzi, anamukweza sitima mpaka ku Blantyre.

Dokotala anawaonetsa chithunzi cha ekisire. "Kachitsulo aka kapendekeka, ndiponso kadzaza. Magazi akulephera kudutsa."

Agnesi anachiyang'anitsitsa chithunzicho, kenaka anawomba m'manja. "Adokotala, uwutu ndi mono wokolera nsomba! Anautchera ndani?"

"Anzathu a ku Joni, mayi."

"Nanga anabwera kangati kudzaonjola?"

Dokotala anakanda m'mutu. Sebastiano anayang'ana kudenga.

"Kwathu mono timauona m'mawa uliwonse," anatero Agnesi akumanga chitenje. "Inu ophunzira mwausiya zaka zinayi mwa bambo awa, ndiye lero mukudabwa kuti wadzaza?"