Miyala Yosafuna Sopo

Dzina loti Mayi Chikolopa sanangowapatsa mwachipongwe ayi, analigwirira ntchito. Zaka makumi atatu anayang'anira ukhondo m'chipatala, ndipo atapuma pantchito, chipatalacho anangochisamutsira kunyumba. Mlendo akanyamuka pampando, asanafike n'komwe pachitseko, mayiwa amakhala atapukuta kale pamene anakhalapo. Ngakhale mphemvu zinkadziwa kuti nyumba imeneyi n'njolambalala.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinawakanika kusuntha m'nyumbamo: amuna awo. A Dalaivala anayendetsa basi moyo wawo wonse, munthu waphokoso, wokalipira aliyense pamsewu, mpaka tsiku limene dokotala anati maso afooka, chiwongolero asiye. Kuyambira pamenepo anangokhala ndwii pampando wa pabalaza. Chaka chathunthu! Ukawafunsa chomwe adye, yankho linali loti, "Chilichonse." Ukamakolopa, ankangokweza miyendo osanena kanthu. Mayi Chikolopa ankachita mantha kwambiri, kungoti sankauza munthu. Kuchipatala anaonapo anthu akuzima chonchi pang'onopang'ono, popanda nthenda yoti n'kuitchula.

Mwana wawo wamkazi ndiye anabwera ndi nzeru. Loweruka lina anatulukira ndi thanki yagalasi yotalika ngati tebulo, kapampu, nyali ya buluu, ndowa ya mchere wapadera, ndi miyala yokulunga m'manyuzipepala onyowa.

"Adadi, muziweta nsomba za m'madzi amchere, zamawangamawanga zija. Kenako tidzaikamo ndi makorali, tamoyo ta pansi pa nyanja tooneka ngati maluwa amiyala."

"Nanga nsombazo zili kuti?" anafunsa mayi ake.

"Pakatha milungu isanu ndi umodzi, amayi. Madzi ayambe akhwima kaye. Miyalayi ndi yamoyo, muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zoipa za nsomba. Tikapanda kuchulukana, nsomba zimafa."

"Yamoyo? Ine ndikumva fungo la chinthu chakufa."

"Amayi, chonde, ndagwira mwendo wanu. Miyala imeneyi musadzaikhudze."

Tangoganizani: munthu amene moyo wake wonse wakhala akupha tizilombo, lero akumuuza kuti atisunge pabalaza, atiyatsire ndi nyali yomwe!

Koma zodabwitsa zinachitika. Tsiku lachitatu a Dalaivala anadzuka okha pampando kukayeza mchere. Mlungu wotsatira ankalawirira m'mawa, kudonthezera mankhwala m'kabotolo ka madzi n'kumakayang'ana pawindo ndi galasi lokulitsa, kuona ngati mtundu wasintha. Anayamba kulankhulanso. Anaphunzitsa akazi awo, osafunsidwa, kuti madzi akachepa umathiramo opanda mchere, chifukwa madzi amauluka koma mchere suuluka. Tsiku lina anafuula ngati aona ngozi.

"Mayi! Tabwerani msanga!"

Pakabowo ka mwala wina panatuluka kanyongolotsi kokhala ndi mutu ngati nthenga. Kakasuzumira, n'kubwerera. Kakasuzumira, n'kubwerera.

"Ameneyu ndi Kondakitala," anatero a Dalaivala. "Ntchito yake kusuzumira pakhomo basi." Ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Anzawo akabwera ankawanena kuti akuweta miyala, koma iwo analibe nazo ntchito. Mtima wa Mayi Chikolopa unakhala pansi.

Mlungu wachisanu kunabwera ndere. Zinayamba ngati fumbi la khofi pamchenga, kenako zinakuta miyala yonse ndi galasi lomwe. A Dalaivala anati ndi chizindikiro chabwino, zidzatha zokha. Mayi Chikolopa anapirira masiku anayi, akudutsa pabalaza nkhope atayang'ana kumbali. Ndiye kunabwera mlamu wawo, mchemwali wawo wa a Dalaivala, mayi wa pakamwa pakuthwa. Anayang'ana thanki ija, anayang'ana mwini nyumba, n'kunena mokoma mtima kwambiri:

"Mlamu, ukalamba ndi chonchi. Tonse timafika potopa."

Aaa! Bola akanawamenya mbama.

M'mawa mwake a Dalaivala anapita ndi mwana wawo kuchipatala cha maso. Mayi Chikolopa anadziuza kuti angopukuta galasi lokha, lakutsogolo basi. Galasi litawala, miyala inaoneka yonyansa kuposa kale. Anadziuza kuti atsuke umodzi wokha, wapamwambawo. Koma mwala umodzi woyera pakati pa yakuda, ndani angaupirire? Pofika teni koloko miyala yonse inali itadutsa m'madzi otentha, sopo ndi burashi, ili mbee padzuwa kuseri kwa nyumba. Mayiwa anaima atagwira m'chiuno, mtima uli myaa.

Potaya madzi a m'beseni ndi pamene anakaona. Pansi pa beseni panali kanthu ngati nthenga yonyowa, katalekana ndi kabowo kake, sikakugwedezeka.

Iwo kuposa aliyense ankadziwa zimene sopo ndi madzi otentha zimachita, inali ntchito yawo. Sanaganize za nsomba, kapena za mwana wawo. Anaganiza za mpando uja wa pabalaza, ndi amuna awo akubwereraponso.

Anatenga ndowa n'kuthamangira kusitolo ya nsomba, komwe mwana wawo anagula zonsezi.

"Achimwene, mwana wanga anagula miyala kuno, ndikufuna ina. Yauve. Yauve kwambiri imene muli nayo."

Mwini sitolo anawayang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Ina ija yatani, mayi?"

"Yangoti... yayera."

"Mwaitsuka?"

Mayi Chikolopa anayang'ana kudenga.

"Ndi madzi okha eti?"

"Ndi kasopo pang'ono. Ndi madzi otentha."

Bamboyo anakoka mpando n'kukhala pansi. Atapezako mphamvu anawauza kuti miyala yasopoyo isayandikirenso thanki, ndipo milungu ija ayambirenso kuwerenga. Kenako anavuula miyala m'thanki yake yakumbuyo, yandere, yonanda, yonunkha bwinobwino. Mayi Chikolopa anaibweza iwiri kuti yayera kwambiri.

M'basi anakhala ndowa ili pamiyendo, madzi akukhavukira padiresi lawo lositasita. Mtsikana amene anakhala nawo pafupi anatseka mphuno n'kutsegula windo. Iwo, Mayi Chikolopa, kutsekeredwa mphuno! Anangoyang'ana kutsogolo, ndowa ataikumbatira.

Atafika anaika miyala m'thanki mmene ankakumbukirira, yoyera ija n'kuibisa kuseri kwa thanki ya madzi akumwa panja. Chiyembekezo chawo chinali chimodzi: bambo aja maso ndi ofooka, mwala ndi mwala basi.

Chitseko chinatseguka. A Dalaivala analowa ndi mwana wawo, atavala magalasi atsopano, ochindikala ngati pansi pa botolo.

"Mayi, ndikuona zonse!" anatero mosangalala. "Ngakhale imvi zanu ndikutha kuziwerenga!"

Analunjika kuthanki. Anawerama. Anakhala chiweramire nthawi yaitali.

"Miyala iyi si yanga."

Anasuzumira m'mabowo a miyala yonse.

"Kondakitala ali kuti?"

"Bambo," anatero Mayi Chikolopa, "ndinatsuka. Ndi sopo. Wafa."

A Dalaivala anaweramuka pang'onopang'ono n'kutembenuka, maso awo n'kugwera pampando uja. Anaponya phazi limodzi kulowera komweko. Mayi Chikolopa anagwira pamtima.

Ndiye kunaphulika.

"SOPO? Mayi inu, sopo? Kodi m'mutu mwanumo muli thovu? Milungu isanu ine ndikuyeza, kudontheza, kudikira, inu n'kubwera ndi burashi! Kanyama kosalakwa, kosadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli inu! Ndipo taonani mmene mwaunjikira miyalayi, ngati katundu wa pamwamba pa basi! Waukulu pamwamba pa waung'ono? Madzi adutsa pati? Nsomba zikadzabwera zidzabisala kuti, m'thumba mwanu?"

Anali mawu aja a pamsewu, amene ankaimitsa malole. Galu wa aneba anayamba kuuwa. A Dalaivala anali atapinda kale manja a malaya, mkono uli m'madzi mpaka m'chigongono, akusuntha miyala uku akukalipa.

"Gwirani ndowayo! Osati choncho, pafupi! Mawa m'mawa tiyambiranso kuyeza, ndipo inu ndi amene muzidontheza mankhwala, kuti mudziwe kuwawa kwake!"

Mwana wawo anathamanga kudzawagwira paphewa. "Adadi, chonde, mtima pansi, mudwala nazo izi..."

Mayi Chikolopa anamukoka mkono. Misozi inali ikuyenderera m'masaya, koma pakamwa pakuseka, ndowa yonunkha ataigwira ndi dzanja limodzi.

"Asiye, mwanawe," ananong'ona. "Asiye andikalipire. Ndimaopa kuti mawu amenewa sindidzawamvanso."