Botolo la Malemu Langford

Ku Kanakantapa munthu akamwalira abale amagawana zonse, ngakhale sokosi yopanda inzake. Tsiku logawa katundu wa malemu Langford, mng'ono wake Ricky sanayang'ane jekete kapena wailesi. Maso ake anali pa botolo la mofini, mankhwala amene ankaziziritsa ululu wa khansa ya mkulu wakeyo.

"Mulamu, nipaseni kabotolo kaja. Msana univuta, ndipo bakulu banali kugona monga mwana bakamwa."

Tisauke, mkazi wa malemu, ankadziwa kuti namfedwa salankhula pabwalo lotere. Akatsegula pakamwa amatchedwa waumbombo. Koma anakumbukira a Belinda, ofufuza zaumoyo amene ankayenda m'makomo kufunsa kumene mankhwala otsala amathera. Iwo anamuuza kuti supuni yogoneka wodwala khansa ingagoneke wakachasu osadzukanso. Ndipo chibale cha Ricky ndi kachasu chinkaposa chibale chake ndi malemu.

"Ba Ricky, maliro amodzi anikwana. Nkhuku zonse zinathera pa aya, pa anu tizaphika chani?"

Anthu anaseka, koma Ricky anakwiya. "Mwayamba kumana katundu?"

"Iyayi. Tengani njinga."

Aliyense ankadziwa kuti njingayo ndiyo inkanyamulira Tisauke tomato kupita kumsewu.

"Koma ulendo woyamba munipeleke ku kiliniki, nikabweze botolo kwa eni ake."

M'mawa mwake Ricky anapalasa akung'ung'udza, msana uli bwinobwino. Tisauke anakhala kumbuyo, botolo atalimanga pansonga ya chitenje. Tomato uja ayamba kumusenza pamutu, basi.