Dzina Limene Bambo Anakhwatcha

Mayi telala anali ndi mapini atatu pakamwa pamene amuna awo analowa m'shopu, pepala lili m'manja. Amunawo anali mkulu wa mpingo, ndipo ndi iwo ankasunga mndandanda wa anthu oti abatizidwe Lamlungu likudzalo. Anali munthu woti ngakhale akamapempha madzi akumwa, umangodikira kuti uyankhe "ameni".

"Diresi loyera lija musavutike nalo, mayi. Dzina la mwana wanu ndalikhwatcha."

Mayi analavulira mapini m'dzanja n'kuyang'ana katani ya pakona. Kuseri kwake kunali mwana wawo wamkazi, akuyesa diresi lomwelo. Mwanayu anamwa mowa zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka anthu anam'patsa dzina loti Nabotolo. Tsopano inali itatha miyezi inayi asanalawe dontho, ndipo kalasi ya ubatizo sanajombeko n'kamodzi komwe.

"Tsitsani mawu, bambo," anatero mayi.

Koma uyo ndi munthu wotsitsa mawu?

"Mulungu anadziwa ake dziko lisanakhaleko. Wosankhidwa amaoneka ndi zipatso. Uyu wasiya mowa kangati? Katatu! Adzagwanso, ndikudziwa. Ndipo adzagwa mpingo wonse utamuona atavala zoyera. Ine nkhope ndidzayiika kuti?"

Apa mtima wa mayi unapsa, za katani n'kuiwala. Anamenyetsa sizasi patebulo mpaka choko chinagwera pansi.

"Ehee, yatuluka! Nkhani ndi nkhope yanu, Mulungu mwangomukokeramo. Tandiuzani, buku la kumwambalo anakubwerekani liti? Munaliwerenga mutavala magalasi? Poti inu ngakhale nambala ya nyimbo mumaphonya!"

"Mayi, samalani pakamwa."

"Ndasamala zaka makumi atatu, ndatopa! Ine ndikamasokera kamwana ndimadziwa kuti kadzakula, ndiye ndimasiya nsalu mkati mwa msoko. Kodi amakakulitsa ndine? Ngati Mulungu akudziwa za mawa, adziwe, ndi Mulungu. Koma inu simukudziwa, mukungomukankha mwana kuti mawu anu apherezeke."

"Zaumulungu sazidula ndi sizasi," anatero mkuluyo, mitsempha ya m'khosi itatupa. "Nabotolo ndi Nabotolo basi."

Dzina limenelo linali lisanatulukepo m'kamwa mwa mkuluyo, bambo ake a mtsikanayo. Katani inasuntha.

Mtsikanayo anatuluka wopanda nsapato, diresi likukhwepa m'mapewa poti mowa unamuwondetsa, mpendero wosapinda ukukwekwereka pansi. Misozi inalipo, koma ya ukali. Kwa nthawi yoyamba, vesi linawasowa bambo ake.

"Bambo, mwina mukunena zoona," anatero mtsikanayo. "Chakudza sichiimba ng'oma, za mawa sindizidziwa. Ndikudziwa za lero. Pobwera kuno ndadutsa pabala paja, anzanga akundikodola, kukhosi kukuyabwa. Palibe anandimanga miyendo. Ndapemphera, ndipo ndadutsa. Dzulo chimodzimodzi. Inu munali kuti masiku onsewa, poti zanga mumazidziwiratu?"

Anatambasula dzanja. "Ndipatseni pepalalo."

Mkuluyo sanam'patse, komanso sanalikanize pamene mtsikanayo ankalisolola. Dzina lake linali lachisanu ndi chimodzi, atalikhwatcha kawiri, mwamphamvu mpaka pepala kuboola. Anatenga cholembera chimene mayi ake amalembera miyezo, anatsamira pamakina osokera, n'kulemba dzina lake lenileni pamwamba pa mzerewo, chilembo chimodzichimodzi.

"Mukafuna kukhwatchanso, mukachitire pamaso pa abusa, ine ndilipo. Mukawauze kuti Mulungu wakutumani."

Mkuluyo analandira pepala lija. Mawu anatuluka aang'ono, osati a paguwa aja.

"Nanga ukadzagwanso?"

"Ndiye kuti mudzakhala mwapambana, bambo. Kodi ndi zimene mukupempherera?"

Mayi anagwada pansi, anabwezera mapini pakamwa, nayamba kupinda mpendero. Atafika m'mbali anasiya nsalu yokwana zala zitatu mkati mwa msoko.

"Yachuluka imeneyo, amayi," anatero mwanayo.

"Udzanenepa," anayankha mayi, mapini ali pakamwa.

Mkulu uja anaima pakhomo nthawi yaitali, cholembera chake chili m'thumba la malaya. Sanachitulutse. Anapinda pepala lija, naliika m'thumba lomwelo, n'kutuluka osatsanzika.