Mawu Oletsedwa a Bambo Lin

Mu February wa 2011, mashopu ambiri a m'dera la Dublin 8 atatsekedwa chifukwa cha mavuto a zachuma ndipo anzake a m'kalasi akungokamba zosamukira ku Australia, Towera ankakhala nyumba imodzi ndi Meiqin, namwino wochokera ku China. Towera anachokera ku Zomba pa sikolashipu. Awiriwa ankagwirizana, ngakhale nkhani zawo sizinkapitirira za hita yotenthetsera m'nyumba ndi za yemwe wamaliza mkaka.

Loweruka lina masana Towera ankaonera pa TV khamu la anthu a ku Egypt litadzaza bwalo mu Cairo, likufuna pulezidenti wawo achoke. Meiqin anali pa laputopu, akuseka yekha. Atafunsidwa, anafotokoza kuti kwawo ukalemba dzina la Egypt pa tsamba lochezerapo, makina amayankha kuti palibe chopezeka. Choncho bambo ake, a Lin, mphunzitsi wopuma ku Chengdu, anali atalemba kuti akufuna kudziwa za nyengo ya kudziko la mapiramidi, chifukwa amva kuti kwatentha.

Towera anakoka mpando. Meiqin ankamumasulirira mayankho a anthu mmodzimmodzi. Wina anati kutenthako kufike kwawonso. Wina anati ndi Amereka akukoleza moto. Mayi wina analemba kuti iye anaonapo chipwirikiti ali mwana, ndipo sakufuna kuchionanso. Asanamalize kuwerenga, zonse zinafufutika.

“Twelve minutes,” anatero Meiqin, akuyang'ana wotchi. “Dzulo zinakhala five basi. Bambo asangalala.”

Chimene chinamudabwitsa Towera n'chakuti mnzakeyo sanakwiye. Anafunsa ngati bambowo saopa, ndipo Meiqin anati amaopa ndithu, koma chidwi chawo chimaposa mantha.

Kuyambira tsikulo Towera anapatsidwa ntchito. Meiqin akakhala ku shifiti, iye ankaonera nkhani n'kulemba papepala zimene waona, kuti mnzakeyo akawauze bambo ake pa foni mozungulira. A Lin sankafunsa za akasinja. Ankafuna kudziwa kumene anthuwo amasamba, amene amawaphikira, ndiponso ngati aphunzitsi alipo. Atamva kuti achinyamata akusesa okha bwalolo, anapempha Meiqin kuti abwerezenso.

Pulezidenti uja atatula pansi udindo, a Lin anapempha kulankhula ndi mtsikana wa ku Africa. Chingerezi chawo chinali chapang'onopang'ono, cha m'mabuku.

“Nanga kwanu, anthu amanena chiyani za zimenezi?”

Towera anayankha monyadira kuti ku Malawi munthu amalankhula zimene akufuna. Koma atadula foni anazindikira kuti sanafunsepo aliyense.

Patapita masiku angapo anaimbira mchimwene wake Dunstan, amene ankaphunzira ku Zomba. Dunstan anamuuza kuti mafuta akusowabe, ndipo mphunzitsi wina waitanidwa kupolisi chifukwa chotchula za Egypt m'kalasi. Ophunzira tsopano ankayang'anana, osadziwa kuti wakanena ndani. Kenako anatsitsa mawu.

“Achemwali, izi tidzakamba mukadzabwera.”

Towera anakhala pa masitepe, foni ili m'manja. Meiqin atafika, atanyowa ndi mvula, Towera anamupempha kuti akaimbanso ku Chengdu awauze a Lin kuti yankho lija analipereka mofulumira. Meiqin anavula jekete, n'kukhala naye pomwepo kuti amve bwino zoti akanene.