Mtsempha wa Pakhosi pa a Gerald

Triza anatsika pa kabaza dzuwa lili paliwombo, pakamsika kena ka kufupi ndi Lungwena. Anali namwino ku Blantyre, ndipo anabwera kudzatenga bambo ake, a Gerald, msodzi wa chambo. Mwezi wapitawo a Gerald anagwa m'bwato, pakamwa patapindika, dzanja lamanja litalefuka. Anatsitsimuka tsiku lomwelo, koma adokotala atawajambula pakhosi anati mtsempha wopita ku ubongo watsala pang'ono kutsekeka. Tsopano ku Blantyre kunali kutabwera madokotala ochokera kunja, ndipo anavomera kuwachita opaleshoni sabata yomweyo.

Chinali chaka chimene mphekesera za anamapopa zinali ponseponse. Mlendo aliyense wonyamula chikwama ankatsatidwa ndi maso. Triza anachoka pamudzi akadali kamtsikana, choncho ambiri pamsikapo sankamudziwa nkhope.

Foni yake inalira. Anali Patrick, mchimwene wake, wowotcherera maboti ku Monkey Bay.

"Iwe, bambo akuti ukufuna ukawacheketse. N'chiyani chimenechi?"

"Achimwene, dzina lake ndi endatarekitomi."

"Enda chiyani? Lankhula Chichewa."

Netiweki inkadukaduka, ndiye Triza anakweza mawu. "Amang'amba pakhosi, n'kutsegula mtsempha, n'kupala mafuta omwe aundana m'kati, ngati mmene mumapalira ndere pabwato. Akatero amasoka, magazi n'kumayenda bwino. Mukundimva? Ndati pakhosi! Kuti magazi atuluke bwino kupita kumutu!"

Mayi wina wogulitsa usipa anaimirira, beseni n'kugudubuzika.

"Namapopa! Ndamumva ndekha! Akuti acheke pakhosi magazi atuluke!"

Triza anacheuka kuti aone yemwe akunenedwa. Asanatseke foni, mnyamata wina anamutsomphola chikwama n'kuchikhuthula pansi. Munagwa zovala, mabotolo a mankhwala, ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi amene anawatengera bambo ake. Mnyamatayo anakweza kampira kake kopopera mpweya.

"Chopopera chija ndi ichi!"

Mwala woyamba unamupeza Triza pakhutu. Anamva ngati belu lalira m'mutu, kenaka anapezeka ali chogwada mumchenga. Wina anamumenya ndi nkhafi pamsana, wina anamuponda chala mpaka chinathyoka. Ankayesa kunena kuti ndi mwana wa a Gerald, koma m'kamwa munali mutadzaza magazi ndi mchenga. Ankangoona mapazi okhaokha: masilipasi, zidendene zong'ambika, nsapato imodzi yoyera ya munthu amene ankamukankha m'nthiti mobwerezabwereza.

"Tengani petulo wa injini!" anakuwa wina.

A Swadick, mkulu wosoka maukonde amene anasodza ndi a Gerald zaka zambiri, anazindikira mawu a Triza pamene analira kuti, "Ababa!" Anadzipanikiza pakati pa gulu.

"Asitaghafirula! Uyu ndi Triza wa a Gerald! Musiyeni!"

"Nanunso muli nawo limodzi, madala?"

Anawakankhira pathandala la usipa, mlomo n'kung'ambika. Anadzuka, nakwera njinga kuthamangira kugombe kukaitana a Gerald.

Triza anamva kuzizira pamsana, kenaka fungo. Anali petulo. Munthu wa nsapato zoyera uja ankafunsa amene ali ndi machesi. Pomwepo gulu linagawanika. A Gerald anatulukira opanda malaya, thalauza lili chinyowere, nkhafi ili m'manja. Anamenya mkono wonyamula chigubu, fupa n'kumveka kuti thyo! Anamenyanso wina pachipumi. Anaima pamwamba pa mwana wawo atatangadza miyendo, mitsempha ya pakhosi itatupa.

"Mwana wanga uyu! Ndinamubereka ine! Mukamadya chambo changa simumandidziwa? Bwerani mundiwotche ine, bwe... bwe..."

Mawu anasanduka phokoso losamveka. Nkhafi inagwa. Triza anaona pakamwa pa bambo ake pakupindikira kumanja, ndipo anadziwa chimene chachitika asanagwe n'komwe. Anamugwera pamiyendo.

Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo. Wina anati, "Wawalodza." Koma palibe amene anayandikiranso. Mmodzimmodzi anazemba, mpaka pamsika panatsala a Swadick, mbuzi zikudya usipa wotayika, ndi Triza akutembenuza bambo ake cham'mbali ndi dzanja limodzi kuti asatsamwe.

Galimoto yonyamula nsomba ndi imene inawatengera kuchipatala ku Mangochi. Triza anathyoka nthiti ndipo khutu lakumanzere silinamvenso. A Gerald anakhala ndi moyo, koma mbali yonse yakumanja inafa, ndipo kulankhula kunatha. Atawatumiza ku Blantyre n'kuwajambulanso, dokotala anauza Triza zimene iye ankazidziwa kale: mtsempha ukatsekeka wonse, endatarekitomi sachitanso, chifukwa palibenso chopulumutsa.

Patrick anafika m'wodi mmene munagonekedwa bambo ake, maso ali psuu.

"Nditchulire mayina."

"Sindinaone nkhope, achimwene. Ndinali pansi."

"A Swadick anaona."

A Gerald anamugwira Patrick padzanja ndi dzanja lawo lamanzere, mwamphamvu ngati akukoka khoka. Patrick anawachotsa zala chimodzichimodzi, natuluka. A Swadick anakana kumuuza, koma pamsika aliyense ankadziwa yemwe wamangidwa pulasitala pamkono. Patrick anamupeza akumwa tiyi, namuphwanya nsagwada ndi chitsulo cha nangula. Mpaka lero Patrick ali kundende.

Triza anatenga bambo ake n'kukakhala nawo ku Ndirande, m'nyumba ya chipinda chimodzi. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito amawasambitsa, n'kuwakhazika pakhonde moyang'ana msewu. Akamawadyetsa phala amakhala mbali yawo yakumanzere, kuti khutu lake labwino likhale pafupi ndi pakamwa pawo. Masiku ena amadya. Masiku ena amakankha supuni, n'kutembenukira kukhoma.