Ana Amene Anauzidwa Kuti Akapume

Ku yunivesite ankangowatchula kuti a Dokotala, ngakhale jakisoni sanabayepo munthu. Ntchito yawo inali yofufuza ngati njira zatsopano zophunzitsira zikuthandizadi ana. Tsoka ilo, chaka chimenecho ankaunika chinthu chawo chomwe: kabuku kophunzitsira kuwerenga kamene anakavutikira zaka zisanu ndi zitatu. Lipoti likanatuluka bwino, kabukuko kakanapita m'masukulu onse, iwo n'kukwezedwa kukhala pulofesa.

Zotsatira za mayeso zinabwera zokoma zedi. Anzawo mu ofesi anayambiratu kuwaseka: "A Pulofesa, mpando tigule wachikopa?"

Loweruka a Dokotala anakacheza kwa akulu awo, mphunzitsi pa imodzi mwa sukulu zimene anayesazo. Anawapeza pakhonde akuchonga makope.

"Kalasi yanu yatinyaditsa, akulu," anatero a Dokotala.

"Iwe mng'ono wanga, usandichititse manyazi," anayankha akuluwo, maso ali pa kope. "Si unatiuziratu tsiku la mayeso? Ahedi anati ana ochedwa kugwira akapume kunyumba, alendo angatiyese aulesi. Ndili ndi ana 90, analemba ndi 50."

Kalata yodziwitsa tsikulo a Dokotala anailemba okha, mwaulemu wonse, ndi chidindo pamwamba. Anachita manyazi, mtima unawawa, koma womukwiyira panalibe.

Lolemba anatsegula makatoni n'kuyerekeza mapepala a mayeso ndi kaundula wa kalasi iliyonse. Paliponse nyimbo inali yomweyo. Anapita nazo kwa mkulu wa dipatimenti n'kupempha kuti akayesenso ana onse mosadziwitsa.

Mkuluyo anavula magalasi. "Mayi, munayesa amene munawapeza, bodza palibe apa. Komiti yokweza anthu ikukumana Lachisanu. Ikakudutsani, mudikira zaka zina zitatu."

"Bwana, kabuku kaja ndinalembera mwana amene akuvutika. Ndiye yemweyo sindinamuyese."

"Nanga mukakapeza kuti sikathandiza?"

"Ndidzalemba zomwezo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Anayankha molimba choncho, koma potsika masitepe anayamba kuwerengera zaka zija. Zaka zitatu si masewera kwa munthu woti imvi zayamba kale.

Lachisanu m'mawa, komiti ikukhala pansi, a Dokotala anali pageti la sukulu ya akulu awo ndi katoni ya mapepala. Ahedi anatuluka akukonza tayi, kumwetulira kukuwakanika. Akulu awo aja anangobweretsa kaundula n'kuyamba kuitana ana amene anajomba aja.

Woyamba anali mtsikana wa diresi lothina m'khwapa. Anayang'ana mlendoyo, kenako chitseko.

"Madamu, ine tsiku la alendo sindibwera."

A Dokotala anamuyankha: "Lero wabwera, mwanangu. Khala apa, yamba mzere woyamba."

Mwanayo analoza ndi chala, nawerenga mawu awiri okha, n'kulekera pomwepo. A Dokotala analemba 2 pafupi ndi dzina lake, n'kuitana wina.