M'bale wa Makolo a Achule

Loweruka pa 9 Seputembala 2023, khasu la Esitere linagunda mwala m'chitsime chimene ankakumba kudambo, ku Simlemba. Mwalawo unali wophwatalala, wautali ngati mkono, wokhala ndi mabowo awiri a maso pamwamba ndi mzere wa mano ang'onoang'ono.

Esitere ankangofuna madzi basi. Fodya anali atangomera panazale pake, chitsime chakale chitaphwa.

Lolemba anapita ndi mwalawo kwa a Vera, aphunzitsi a sayansi kusekondale. Iwo anautembenuza kawiri, n'kutsegula buku.

"Ngati ndi chimene ndikuganiza, ndi mutu wa nyama imene inkakhala m'madambo zaka zoposa mamiliyoni mazana awiri zapitazo. Mtundu wake unatheratu. Koma miyala ya kuno sisunga mafupa otere, ndiye sindikumvetsa."

"Ndi ng'ona?"

"Ayi. Ndi m'bale wa makolo a achule."

Esitere anakawabwereza mawuwo kuchigayo monga anawamvera. Lachitatu m'mawa anapeza a Cornelius atakhala pamulu wa dothi pachitsime paja, chipewa chili pabondo. Mkuluyu ndi wa kutsidya kwa dambo, ndipo aliyense amamutcha a Chule chifukwa cha mawu ake a besi m'kwaya.

"Mwanawe, ndamva wafukula m'bale wa makolo anga."

"Si inu, bambo. Achule a m'madzi."

"Aphunzitsi anati makolo a a Chule, kapena sanatero?"

"Anatero, koma..."

"Ndiye pano ndi pamanda. Sungatunge madzi pamanda."

Anthu anasonkhana, ndipo a Vera ataitanidwa anajambula nyamayo pansi ndi kamtengo: miyendo inayi yaifupi, mchira wautali, mutu wophwatalala. A Cornelius anayang'anitsitsa.

"Agogo analibe mchira," anatero. "Koma chipumicho n'chakwathu."

Anthu anaseka. A Cornelius sanaseke, ndipo Esitere sanadziwe ngati akunena zoona kapena akungomuputa. Pomaliza onse anamvana chimodzi, aliyense pa chifukwa chake: dzenjelo lisakhudzidwe mpaka odziwa zakale a ku Lilongwe atayankha. A Vera anatumiza zithunzi pa 14 Seputembala.

Kuyambira tsikulo Esitere ankasenza madzi kuchokera kumjigo, mtunda wa makilomita awiri, ndowa zisanu ndi zitatu patsiku. Nazaleyo inkafuna makumi awiri.

Pofika pa 2 Okutobala, mabedi awiri mwa asanu a panazalepo anali atauma. Pansi pa dzenjelo, pomwe panachoka mwala paja, panayamba kuoneka chinyontho. Yankho la ku Lilongwe linali lisanabwere.